Khoma Limene Linkafunditsa Tadala

Linali Lachinayi, nthawi ya 11 koloko m'mawa, mkati mwa Julayi, pamene bambo wina wa boma la Kenya anaima pakhomo pa chipinda changa n'kufunsa kuti mumagona ndani. Ine ndinali chiimire pambali, mwana wanga Tadala ali kumsana akutsokomola. Madamu, amene ndinkawagwirira ntchito, anayankha mofulumira uku akumwetulira.

"Muno simugona munthu. Ndi mosungira katundu."

Zaka ziwiri ndinagona m'chipinda chimenecho. Tadala anaphunzirira kuyenda momwemo, akugwira khoma. Tsiku limenelo ndinamva ndi makutu anga kuti ine ndi mwana wanga tinali katundu. Papita nthawi, kwathu ndinabwerera, koma mawu amenewo ndikawakumbukira ndimasiya chimene ndagwira.

Ndiyambe ndi poyambira, chifukwa munthu ukapsa mtima umadumpha nkhani.

Kwathu ndi ku Dedza, mbali ya kumapiri kumene timalima kachewere. Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Bambo a Tadala anapita ku Joni ine ndili ndi pakati, ndipo foni yawo inasiya kugwira mwana asanamere dzino. Madamu ndi a m'mudzi mwathu momwemo. Mayi awo ndi mayi anga amapemphera tchalitchi chimodzi. Iwo anaphunzira kwambiri, anapeza ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Nairobi, n'kukwatiwa ndi Mkenya. Atabwera kudzadya Khirisimasi kumudzi, ananena kuti akufuna mtsikana wothandiza pakhomo.

Mayi anga sanachedwe. "Tengani uyu. Ndi wofatsa, sayankha."

Imeneyo ndiyo inali satifiketi yanga: sindiyankha. Munthu wamkulu akamandilankhula ndimayang'ana pansi. Ndinabadwa choncho. Madamu analola kuti ndipite ndi mwana poti anali akuyamwa, ndipo mudzi wonse unawatamanda kuti ali ndi mtima wa Mulungu.

Pabwalo la ndege ku Lilongwe anandikokera pambali.

"Tamvera. Aliyense akakufunsa, ine ndine mkulu wako, ukupita kukacheza. Uzinditchula kuti achemwali. Tanena ndimve."

"Achemwali."

"Eya, choncho."

Mumtima ndinasangalala. Ine wosaphunzira kukhala ndi achemwali ovala nsapato zazitali! Titafika ku Nairobi anatenga pasipoti yanga kuti azisunga ndi iwo, poti ine ndingataye. M'mawa mwake ndinawapeza m'khichini, ndinagwada n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achemwali?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pakhomo pano ndine Madamu. Zija zinali za pabwalo la ndege."

Nyumba yawo inali ku Spring Valley, kumene mitengo ndi yaitali kuposa nyumba ndipo munthu sudziwa nkhope ya amene wayandikana naye. Inali yosanja, ya amuna awo. Bambowo ankayendayenda ndi ntchito, mwezi ukhoza kutha osawaona. Ana anali awiri, a sukulu. Chipinda changa chinali kuseri, kudutsa zingwe zoyanikira zovala, pansi pa mtengo wa mapeyala. Pansi simenti, kawindo kamodzi, babu limodzi, popanda ngakhale soketi. Foni ndinkatchajira m'khichini.

Koma chipindacho chinali ndi chinthu chimodzi chabwino, ndipo ndicho chimene nkhaniyi yagonera. Kunja kwa khoma lake kunali boila. Ndi ng'anjo ya njerwa yokhala ndi mgolo wa madzi mkati. Umasonkha nkhuni pansi, madzi amatentha n'kupita m'mapaipi mpaka m'mabafa a nyumba yaikulu. Amene anaimanga kalekale anaigumikiza ku khoma la chipinda cha wantchito, mwina pofuna kuti utsi usavute mabwana. Kusonkha moto umenewo inali ntchito yanga, m'mawa ndi madzulo. Ndinkawaza nkhuni, utsi unkandiliza, zovala zanga zonse zinkanunkha moto. Koma khoma lija linkafunda. Ukaikapo dzanja linali ngati msana wa munthu. Matiresi ndinawayala motsamira khomalo, Tadala ankagona mbali ya kukhoma, ine mbali ya kuchitseko. Matewera ndinkayanika pamwamba pa njerwa, osachedwa kuuma. Pansi pa mgolo panali kampopi, ndipo pamenepo ndinkatunga madzi osambitsa mwana popanda kupempha munthu.

Kumudzi timaganiza kuti ku Kenya kumatentha chaka chonse. Bodza. Juni ndi Julayi kumwamba kumatseka, mvula ya mawawa imagwa ngati ufa, dzuwa limatha masiku osaoneka. Akenya amati baridi. Ine wa ku Dedza chisanu ndimachidziwa, koma kwathu chikafika timaunjikana m'nyumba imodzi, chikuni chikuyaka pakati. Kumeneko unali wekha ndi simenti. Chaka choyamba ndinachidutsa bwino chifukwa cha khoma lija.

Lamlungu lina pamwezi ankandilola kupita nawo kutchalitchi cha m'tauni kumene Amalawi amakumana. Kumeneko ndinkasandukanso mng'ono wawo. "Uyu ndi mng'ono wanga wa kumudzi, tikumuthandiza ndi mwana," ankatero, azimayi n'kumawayamikira. Mapemphero akatha iwo ankacheza ndi anzawo a magalimoto, ine ndinkakhala pakhonde ndi a Nasibeko.

A Nasibeko anali mayi wa ku Ntcheu, wamkulu thupi, wamkulu pakamwa. Anasokapo zovala m'fakitale ku Athi River, ntchito itatha anayamba kuchapira anthu zovala ku Rongai. Ndiwo anandiphunzitsa kukwera matatu, maminibasi a kumeneko, kunenerera mtengo m'Chiswahili, ndi kutumiza kangachepe kumudzi pafoni kuti mayi agule malata. Tsiku lina atamva Madamu akunditchula mng'ono wawo, anandigwira ndi chigongono.

"Make Tadala, chibale chanuchi ndi ambulera. Amachitambasula anthu akachuluka, akafika kunyumba n'kuchipinda, n'kuchiponya kuseri kwa chitseko."

"A Nasibeko, angamve."

"Amve! Kodi makutu anawagula ndi ndalama zanga?"

Ndinaseka mobisa pakamwa ndi chitenje. Sindinkadziwa kuti ambulera imeneyo idzandisiya pamvula.

Chaka chachiwiri, chisanu chisanayambe, Madamu anandiitana m'khichini nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Iwe, mavuto ako atha. Boma likuthandiza eni nyumba amene akusiya nkhuni ndi makala kuti ayambe kugwiritsa ntchito dzuwa. Gawo lina la mtengo alipira iwo. Madzi azitenthetsedwa ndi dzuwa, m'zipinda tiika zofunditsira za magetsi a dzuwa. Kuwaza nkhuni kwatha."

Dzina la thandizolo sindilidziwa, ndipo malamulo ake ndinangowamva m'zidutswa pamene ndinkapereka tiyi. Chimene ndinagwira ndi chakuti boma linkafuna utsi uthe ndipo mitengo ipume. Ndisaname, ndinakondwa. Ndani amakonda utsi? Kwathu phiri linatha kumetedwa ndi owotcha makala, madzi amvula amatsika ndi miyala mpaka m'minda. Ndinati boma ili ndi lanzeru. Mpaka lero sindinena kuti dzuwa ndi loipa. Dzuwa silinandilakwire.

Kunabwera fundi, mmisiri wake wa zimenezi, dzina lake Mutua, ndi anyamata ake. Anayeza denga, anayeza mabafa. Kenako anazungulira kuseri n'kupeza matewera pa boila, Tadala akusewera pakhomo. Anandifunsa m'Chiswahili, pang'onopang'ono kuti ndimve, akunditchula dada, ndiye kuti chemwali.

"Dada, madzi otentha umatunga pati?"

Ndinaloza kampopi.

"Nanga tikagumula ichi?"

Ndinangoyang'ana pansi. Iye anapita kukaitana Madamu, ndipo analankhula ine ndili pomwepo. Anati thandizoli limafuna kuti paliponse pogona anthu mumpanda pafike madzi otentha ndi magetsi, kuti pasatsale wosonkha moto. Anati kuseriko kufunika paipi yaitali, kathanki kena kakang'ono ndi waya. Boma lithandizaponso, koma gawo la mwini nyumba likwerako pang'ono.

Madamu anamudula.

"Siyani zimenezo. Umo ndi mosungira katundu. Uyu ndi mng'ono wanga, amagona m'mwamba ndi ana. Masana okha ndi amene amakhala kuno."

Mutua anayang'ana matiresi amene ankaoneka pachitseko, anayang'ana ine, kenako anakweza mapewa. Pochoka anandinong'oneza kuti, "Pole, dada." Ndiko kupepesa kwawo. Pole wake sanafunditse munthu.

Anaika mapaipi akuda agalasi padenga, thanki yonyezimira pamwamba pake, ndi mapanelo mbali ina. Tsiku lomaliza anabwera ndi nyundo yaikulu. Boila ija anaigumula ine ndikuona. Njerwa zinali zisanazizire, chifukwa m'mawa umenewo ndinasonkhapo moto womaliza kuti Madamu asambe. Pakhoma panangotsala chizindikiro chakuda cha mwaye.

Juni atalowa, khoma lija linasanduka mdani. Linkazizira ngati mwala wa mumtsinje, m'mawa linkachita thukuta. Ndinasuntha matiresi kupita pakati, ndinatseka kawindo ndi makatoni, Tadala ndinkamuveka zovala zake zonse nthawi imodzi. M'nyumba yaikulu ana ankayenda opanda juzi, zofunditsira zikuyaka m'zipinda mwawo. Ine ndinkazipukuta fumbi zofunditsirazo tsiku ndi tsiku. Ndinkakolopa bafa nthunzi ikadali pagalasi. Ndikamaliza ndinkatsika kukasambitsa mwana wanga ndi madzi a ketulo imodzi, amene ankazizira ndisanamalize kumupaka sopo. Ndikabwereza ketulo, Madamu ankati kukakhala mitambo magetsi a dzuwa amachepa, ndisawononge.

Tadala anayamba chifuwa. Poyamba kutsokomola wamba, kenako kupuma kwake kunayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikulowa mkati. Madamu anandipatsa ya matatu ndi ya chipatala. Pamenepo sindiwanamizira, anapereka. Namwino anamupima, anandipatsa mankhwala, n'kundifunsa kumene mwana amagona. Anati mankhwala okha sakwanira: azigona pofunda, pouma, azisamba madzi otentha, nthunzi imamasula chifuwa. Anati ndikachedwa chilowa m'mapapo.

Madzulo ake ndinalimba mtima. Ndinagwada m'khichini Madamu akumwa tiyi.

"Madamu, ndimati ndipemphe."

"Nena."

"Mwanayu azigonako m'chipinda cha ana, pansi pomwe. Mpaka chisanu chithe. Ine ndizigona kuseri konkuja."

Anaika kapu pansi.

"Ndi chifuwa chimenecho? Ukufuna apatsire ana anga, ajombe kusukulu? Iwe wa ku Dedza ukuopa chisanu cha Nairobi? Ife tonse tinakulira m'chisanu, sitinafe."

"Ndiye m'khichini muno."

"M'khichini mogona anthu? Bambo akabwera ndiwauza chiyani?"

Anakwera m'mwamba n'kutsika ndi bulangeti lakale. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinathokoza. Kwathu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewo Madamu ankaudziwa, ndinawamvapo akuunena pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, anthu n'kuwomba m'manja.

A Nasibeko nditawauza anatukwana mawu amene sindingawalembe. Lamlungu lotsatira anabwera pageti ndi kambaula kakang'ono, kamene kumeneko amati jiko, atakakulunga m'chitenje ngati mwana, ndi makala a m'jumbo.

"Tenga. Koma usagone nako, wamva? Makala amapha mwakachetechete."

"Ndikudziwa, a Nasibeko. Kwathu timatulutsa tisanagone."

"Ndipo madamu akowo akafunsa, uwauze kuti dzuwa lako ndi limeneli. Lako limatuluka m'jumbo."

Ndinkayatsira kuseri kwa mtengo wa mapeyala, kudikira utsi uthe, n'kulowetsa m'chipinda chitseko chili pululu. Ndinkatenthetsapo madzi m'poto, Tadala n'kupumira nthunzi. Nthawi yogona ndinkatulutsa n'kuthira madzi. Kwa masiku angapo mwana anapumako bwino, anayambanso kudya phala.

Koma utsi subisika. Lachitatu lina Madamu anandidutsa m'khichini n'kuima.

"Ukununkha makala."

Sanadikire yankho. Anapita okha kuseri, anakapeza jiko pansi pa beseni. Sindinawaonepo atakwiya choncho.

"Ukufuna kundigwetsa m'mavuto? Mawa kukubwera munthu wa boma kudzaona ngati tasiyadi moto. Akapeza makala mumpanda muno, thandizo lonse atilanda. Ukudziwa zimenezo? Ungabweze iweyo?"

Anapatsa mlonda jiko lija kuti akataye. Kenako anandiuza zochita. Matiresi ndiwaimike kukhoma. Zovala zanga ndi za mwana ndiziike m'thumba. M'chipindamo ndilowetse zitini za penti, masutikesi akale, njinga zimene ana awo anasiya, makatoni a mabuku. Ndinanyamula ndekha, Tadala ali kumsana. Ndinakonza ndi manja anga bodza lonena kuti kulibe ine.

Nditamaliza anabwera kudzaona, n'kutsitsa mawu.

"Mawa usatsegule pakamwa. Ukanena kuti ndiwe wantchito, akufunsa chilolezo cha ntchito. Uli nacho? Apolisi a kuno sasewera. Mwanayu ukamulerera m'selo."

Ndiye tafika pa Lachinayi lija.

Bambo wa bomayo anali wachikulire, wa imvi m'mbali, wovala jekete lochapidwa bwino. Anali waulemu, anandipatsa moni ngakhale ine. Anakwera makwerero kukaona padenga, anatsegula mipopi m'mabafa n'kuikapo dzanja, anaona zofunditsira. Kuseri anaona chizindikiro cha mwaye pakhoma n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako anakankha chitseko changa n'kufunsa funso lija, Madamu n'kuyankha yankho lija.

Pakati pa zitini za penti panali kansapato kamodzi ka Tadala, kofiira, kamene ndinaiwala. Bamboyo anakayang'ana. Tadala anatulutsa dzanja m'chitenje n'kuloza.

"Yanga! Amama, yanga!"

Bamboyo Chichewa sankamva. Madamu anaseka n'kunena kuti ndi zakale za ana awo. Pomwepo chifuwa chinamugwira Tadala, anatsokomola mpaka kubanika, ine ndikumugwedeza. Bamboyo anasiya kuyang'ana zitini n'kuyang'ana mwana.

"Chifuwa ichi si chabwino. Mwanayu amagona pofunda?"

Madamu anandiika dzanja paphewa. Zaka ziwiri anali asanandikhudzepo.

"Kwambiri. Uyu ndi mng'ono wanga, bere limodzi. Mwanayu ndi wanga yemwe. Amagona m'mwamba ndi anzake, chofunditsira chikuyaka. M'mawa uliwonse ndiye amayamba kusamba madzi otentha."

Bamboyo anatembenukira kwa ine. "Ndi zoona, dada?"

 Ndinaganiza za selo, ndinaganiza za malata a mayi amene anali asanakwane, ndinamva zala za Madamu zikundifinya paphewa. Sindinavomere, sindinakane. Ndinayang'ana pansi monga ndinaleredwera. Bamboyo anamwetulira n'kunena kuti ndine wamanyazi, anayamikira Madamu kuti nyumba yawo ndi chitsanzo, n'kumapita.

Geti litangotsekedwa dzanja linachoka paphewa.

"Katunduyo ubweza mawa. Lero kukubwera alendo, kayambe kusenda anyezi."

Masana amenewo dzuwa linatuluka, koyamba patapita masiku ambiri. Linawala mpaka madzulo ngati nalonso lamva kuti kwabwera wa boma. Ndikutaya zinyalala ndinayang'ana thanki ija padenga ikunyezimira. Dzuwa la Mulungu, limene kwathu limawomba pa mfumu ndi pa wamisala mofanana, kumeneko analiika m'paipi n'kulipatsa njira yodutsa pamwamba pa mutu wanga. Boma linathandiza amene anali ndi denga lalikulu. Ine thandizolo linanditengera khoma, linanditengera kampopi, linanditengera jiko. Ndipo bamboyo sanalakwe, anafunsa. Amene anatseka paipi ndi munthu wa kwathu, wodziwa dzina la agogo anga, wodziwa kuti kulira kwa chifuwa kotere kumathera pati.

Alendo anadya, anayamikira madzi otentha a m'sinki, Madamu akuwafotokozera za kuteteza chilengedwe. Ine ndikutsuka mbale mawu aja ankangozungulira m'mutu. Bere limodzi. Mwanayu ndi wanga yemwe. Ndiye amayamba kusamba. Kwathu munthu sanena mawu otere pamaso pa mlendo n'kuwabweza. Ukatchula munthu kuti m'bale wako pali mboni, wadzimanga wekha. Pamaliro amakhala mbali yako, pa chakudya amasamba m'manja m'beseni lako. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Madamu anakulira komweko, mwambo umenewo ankaudziwa. Iwo anaubwereka pabwalo la ndege, kutchalitchi, kwa fundi, ndi kwa wa boma. Ine ndinali ndisanaugwiritsepo ntchito ngakhale kamodzi.

Tinagona pakati pa zitini za penti, fungo lake likutsamwitsa mwana.

Ndinene zimene zinatsatira, kuti wina asaganize kuti zinatha ngati nthano. Ntchito ya ku Spring Valley inatha sabata yomweyo. Ndinatuluka pageti ndi thumba limodzi ndi mwana kumsana. A Nasibeko anandilandira ku Rongai, m'kachipinda ka malata kamene tinkagona atatu pabedi limodzi, Tadala pakati. Kufunda kwa anthu kunachita zimene bulangeti la Madamu linalephera, ndipo chifuwa chinatha chisanu chisanathe. Pasipoti ndinaipeza kudzera kwa mkulu wina wa mpingo, amene anachita kukaipempha kangapo. Ndinachapa zovala za anthu ku Rongai mpaka manja anasupuka, kenako ndinakwera basi yobwerera kwathu, kudzera ku Tanzania.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya mayi ili ndi malata anga. Padenga panali kapanelo kakang'ono kotchajira mafoni, mchimwene wanga akulipiritsa anthu. Koma moni anali wozizira. Nkhani inali itafika kale, ndipo inafika ndi pakamwa pa Madamu. Mayi awo anasiya kulankhula ndi mayi anga kutchalitchi. Amalume anandikhazika pansi.

"Watitsekera khomo, iwe. Ndani adzatenganso mwana wa banja lino? Anakutenga ngati m'bale, iwe n'kuwakwera pamutu."

"Ngati m'bale," ndinabwereza.

"Ukuyankha? Ku Kenya anakuphunzitsa kuyankha?"

Mayi anangoti ndikanapirira, chisanu sichikhala chaka chonse. Palibe amene anafunsa za chifuwa cha Tadala. Anakhala pansi pa malata amene mwana wanga anawalipira ndi nthiti zake, n'kumandiweruza. Zimenezo zimandipweteka kuposa za Madamu.

Ena amandifunsa kuti kodi ndinachita chiyani kwenikweni, munthu wofatsa ngati ine, kuti andithamangitse. Ndimawauza za m'mawa wa Lachisanu.

Ndinadzuka kusanache bwino, monga ndinazolowera nthawi ya boila. Tadala ankapuma movutika, milomo itauma. Ndinamukulunga m'chitenje, ndinatenga zovala zake zoyera, ndinatola kansapato kofiira kaja. Ndinatsegula khichini ndi kiyi wanga. Tsache sindinatenge, chokolopera sindinatenge. Aka kanali koyamba kukwera masitepe a nyumba imeneyo manja anga atanyamula mwana wanga yekha. 

Ndinalowa m'bafa la ana n'kutsegula mpopi. Dzuwa la dzulo lake linali likadali m'thanki. Madzi anatuluka otentha, nthunzi inadzaza chipinda, galasi linachita khungu. Tadala poyamba anaopa, anandigwira m'khosi. Nditamukhazika m'madzimo anayamba kuwamenya ndi manja. Anatsokomola, makhololo anatuluka, anatsokomolanso, kupuma kunayamba kumasuka. Anaseka. Ndinali nditaiwala kuseka kwake.

Sindinafulumire. Madzi akayamba kuzizira ndinkatsegulanso. Ndinamusambitsa ndi sopo wa ana a Madamu, ndinamutsuka tsitsi, ndinamusiya asewere mpaka zala zinachita makwinya. Kenako nanenso ndinasamba, thupi lonse, koyamba chigumulireni boila. Pamene ndinkatseka mpopi, madzi anali atayamba kubwera ozizira.

Ndinamupukuta ndi thaulo lalikulu loyera, limene ndinkalichapa ine sabata iliyonse. M'chipinda cha ana munali bedi lachitatu la alendo, pafupi ndi chofunditsira. Ana a Madamu anali akadali m'tulo. Ndinamugoneka Tadala pamenepo, ndinamupaka mafuta, ndinamufunditsa. Sanachedwe kugona, pakamwa patatseguka pang'ono, chifuwa chikukwera ndi kutsika mopanda kulira. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kudikira.

Ndinamva shawa ya Madamu ikutseguka. Ndinamva akukuwa. Chitseko chinamenyedwa, mapazi anabwera m'khonde.

"Wamaliza madzi ndani? Ana inu!"

Anaima pakhomo atavala gauni, tsitsi likudontha, akunjenjemera ndi kuzizira. Anaona ine. Anaona Tadala pabedi. Anaona kansapato kofiira pansi pa chofunditsira.

"Iwe! Ukutani kuno?"

Maondo anga anafuna kugwada okha, poti ndi zimene anaphunzira. Ndinagwira chitsulo cha bedi mwamphamvu kuti ndisatsike. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Mwana wanu wasamba, monga munanenera dzulo. Tsitsani mawu, wangogona kumene."